LILIME LA MCHONA

Munthu akamasamuka kumka ku dziko lina amasankha zimene ati anyamule ndi zimene ati asiye. Mphasa yakale amaisiya, khasu amapatsa mbale wace, ndipo ena amasintha ngakhale dzina lomwe akafika kumene alinkupitako. Koma kalankhulidwe ka kwao, ndiko kunena kachulidwe ka mau ndi kakwezedwe ka liu, munthu sacita kusankha. Kamamtsata ngakhale iye asafune, ndipo tsiku lobwerera kwao amapezanso kuti dziko lacilendo lija laikamo zace m'kamwa mwace iye osadziwa. Mbiri ya mkulu wina wa m'mudzi wa kufupi ndi Katete ionetsa bwino zimenezi. Dzina lace silifunika kulichula pano. Anthu anali kumuitana ndi ciwongo cace, a Phiri.

A Phiri anacoka pa mudzi ali mnyamata wosakwatira mu 1953, caka cimene maiko a Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland anamangidwa pamodzi m'citaganya ca Federation. Masiku amenewo mnyamata ali yense wofika msinkhu wokhoma msonkho anali kuganiza za ku Halale, pakuti kumudzi ndalama zinali zosowa. Anadzera m'dziko la Apwitikizi, naoloka Zambezi, nalembedwa nchito pa pulazi ya fodya m'dera la Umvukwes, limene tsopano lichedwa Mvurwi. Maganizo ao anali akuti akhaleko zaka ziwiri, agule njinga, bulangeti ndi nsalu ya amai ao, ndi kubwerera. Zaka ziwirizo zinasanduka zaka 48, ndipo kumudzi anayamba kuwawerengera pamodzi ndi machona.

Pa komboni ya pulaziyo anapeza Acewa anzao, Ayao, Asena ndi Angoni, kotero kuti madzulo pa moto Cinyanja cinali kumveka monga kumudzi, ndipo pa maliro Nyau zinali kubvina. Ku munda mzungu ndi akapitao ace anali kulamula m'Cilapalapa, cinenero cosakaniza ca pa nchito cimene munthu amacitola m'masabata owerengeka. Koma ku sitolo, ku cigayo ndi ku midzi yozungulira kunali Cishona, ndipo pamene mtima wao unagwa pa namwali wina wa kumeneko, a Phiri anaona kuti popanda Cishona mbeta sangaifunsire.

Mau okha sanawabvute konse. Cishona ndi Cinyanja ndi zinenero za pa cibale: moto ndi moto, nyama ndi nyama, mwana ndi mwana. Zisanathe zaka zitatu anali kukhoza kutsutsana mtengo wa mbuzi, kukamba mlandu, ndi kulonjera apongozi ao mwa mwambo wa eni dziko. Cimene cinawakanika ndico kachulidwe. M'Cishona mulibe l. Muli r wamphamvu, amene nsonga ya lilime imanjenjemera pomchula. Kwa Mcewa l ndi r ndi liu limodzi, ndipo ndico cifukwa cace Acewa akhala akucha mzinda wa Harare kuti Halale. M'mawa Mshona amafunsa mnzace kuti, "Marara sei?" ndiko kuti, mwagona bwanji, a Phiri anali kuti, "Malala sei?" Ndiponso pamene Mcewa amati munthu, mphepo, nkhuku, nkhuni, Mshona amati munhu, mhepo, huku, huni. A Phiri anali kudziwa bwino lomwe kuti t, p ndi k aja safunika, ndipo polankhula mofatsa anali kuwasiya. Koma akakwiya, kapena akatopa, kapena akalawako mowa pang'ono, anali kubwerera okha.

Motero ngakhale atakhala m'dzikomo zaka makumi-makumi, akangotsegula pakamwa pa msika kapena m'basi, wina anali kunong'oneza mnzace kuti, "Mubhurandaya uyu," ndiko kuti munthu wa ku Blantyre. Mzinda wa Blantyre a Phiri sanauone ndi kamodzi komwe, koma dzina limeneli linali kupatsidwa kwa onse olankhula Cinyanja ocokera kumpoto kwa Zambezi.

Kodi ncifukwa ciani munthu wanzeru, wodziwa miyambi ndi zining'a za eni dziko, alephera kaliu kamodzi kamene mwana wa zaka zinai akachula mosabvuta? Yankho lace nlakuti khutu la munthu limaumbidwa iye akali khanda. Akatswiri ofufuza kaphunziridwe ka ana anapeza kuti khanda la miyezi yowerengeka limakhoza kusiyanitsa maliu a zinenero zamitundu-mitundu, koma pofika caka cimodzi khutu lace limakhala litayamba kale kutsata maliu a pa nyumba, ndi kuleka kusamala enawo. Dothi likali lofewa woumba amalipinda monga afuna, koma mbiya ikaochedwa siipindikanso. Mwana wosakula msinkhu angathe kutola kachulidwe katsopano kwa anzace osewera nao, osatsala ndi cizindikilo. Wamkulu akamva liu lacilendo, khutu lace limaliyesa liu la kwao lofanana nalo. Polichula iye mwini amamva ngati wakhoza, koma eni cinenero amamva kusiyana.

Cobvuta koposa zonse ndi nyimbo ya cinenero. M'Cinyanja mtengo wa m'thengo ndi mtengo wa pa msika zilembedwa cimodzimodzi, koma mwana wamng'ono sazisokoneza, pakuti liu limakwera pa mau oyambawo ndipo silikwera pa enawo. Cishona naco ciri ndi kukwera ndi kutsika kwace-kwace, ndipo palibe mphunzitsi anakhalako pa komboni woti alangize munthu zimenezi. A Phiri anali kuimba mau a Cishona ndi nyimbo ya Cicewa, ndipo nyimboyo ndiyo inali kuwaulula ngakhale pa tsiku limene mau onse anawachula bwino.

Ana ao sanaone bvuto limeneli. Anayamwa Cishona kwa amai ao, nasewera ndi ana a eni dziko, naphunzira pa sukulu ya pa pulazi. Cicewa anali kucimva, koma anali kuyankha m'Cishona. Tsiku lina mwana wao wacisamba, ali m'kalasi lapamwamba, anawapempha mwaulemu kuti akabwera ku sukulu asamalankhule kwambiri, cifukwa anzace anali kumseka ndi kutsanzira kalankhulidwe ka atate ace. A Phiri sanamkalipire, koma mau amenewo anawasunga mumtima kufikira ukalamba. Panalinso cinthu cina cimene cinali kuwasowetsa tulo. Kwa Ashona mwana ndi wa kwa atate ace, pamene kwa Acewa mwana ndi wa kwa amace. Tsono abale a mkazi wao anali kuwayesa anawo a ku Zambia, kumene sanapondeko. Ndipo akadapita ku Katete akadauzidwa kuti kwao ndi kwa amai ao.

Zonsezi zinali zopiririka pamene nchito inalipo. Koma mu 2000 mapulazi a azungu m'Zimbabwe anayamba kulandidwa, ndipo anchito zikwi zambiri anataya nchito ndi nyumba pa nthawi imodzi. Mshona anali ndi mudzi wobwererako. Wocokera kumpoto analibe. Mu 2001 kunadza lamulo lakuti munthu ali yense amene angawerengedwe nzika ya dziko lina akane unzika umenewo pa kalata, apo ai ataya wa Zimbabwe, ndipo ana ambiri a anchito a m'mapulazi, obadwira momwemo, anapezeka kuti ndi alendo. Malamulo akulu a dziko a mu 2013 ndiwo anadzabwezera unzika kwa otere.

Pa masiku oopsa ngati amenewo lilime limasanduka citupa cimene munthu sangacibise m'thumba. Owerenga Baibulo akumbukila nkhani ya m'buku la Oweruza, mutu 12, m'mene Agileadi anali kuyesa Aefraimu pa madooko a Yordano ndi liu limodzi lokha, ndi kupha olichula molakwa. Zotere sizinathere m'masiku akale. Mu May 2008, pamene anthu 62 anaphedwa ku South Africa pa zipolowe zothamangitsa alendo, ena anali kuimitsidwa pa njira ndi kufunsidwa dzina la cigongono m'Cizulu. A Phiri sanaone zoopsa zofika pamenepo, koma anazindikila kuti dziko limene analilimira fodya moyo wao wonse silinaleke kuwamva ngati mlendo. Mkazi wao anali atamwalira, ana anali atabalalika kukafuna nchito m'mizinda. Anatenga mdzukulu wao wamkazi wamasiye, wa zaka 7, nati, "Tiye kwathu, mwana'we. Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka."

Anali kuyembekeza kuti akaoloka mlatho wa Chirundu adzakhala ngati nsomba yobwezedwa m'madzi. Koma atafika pokwerera mabasi mu Lusaka, anyamata oitanira anawazinga akupfuula kuti, "Ba tate, muyenda kuti? Kwelani, tinyamuka manje-manje!" Cinali Cinyanja ndithu, koma cosiyana ndi cimene anacisiya. Anthu anali kuti nifuna m'malo mwa ndifuna, bantu m'malo mwa anthu, vintu m'malo mwa zinthu, manzi m'malo mwa madzi. Lusaka anakhala likulu la dziko mu 1935, ndipo Cinyanja cinafala kumeneko makamaka ndi apolisi, asilikali ndi anchito ocokera kum'mawa. Pokhala m'makomboni pamodzi ndi mitundu yina cinatengako za Cinsenga, za Cibemba ndi za Cingerezi, kufikira cinakhala ndi nkhope yace-yace. A Phiri atafunsa za basi ya ku Katete, mnyamata wina anawayang'ana nati, "Ndimwe ba ku Zimbabwe, ba mudala?" Mau amenewa anawalasa mumtima. Zaka 48 anali Mubhurandaya. Tsiku loyamba m'dziko lobadwira anali Mzimbabwe.

Kumudzi anapeza kuti amai, atate ndi atsibweni ao onse ali kumanda, ndipo mwini mudzi anali munthu wobadwa iwo atacoka kale. Unali mwezi wa October, dzuwa liri phwee. Atakhala pa khonde anaitana kamnyamata nati, "Mwana'we, ndipatseko mvula ndimwe." Ana onse anayang'ana kumwamba, nagwa nako kuseka. M'Cishona mvura ndi madzi akumwa ndiponso mvula yogwa kumwamba, ndipo lilime la a Phiri linali litazolowera motero. Masiku otsatira anthu anamva zambiri zotere. Pofuna kunena kuti koma anali kuti asi. Pofuna kunena kuti tsono anali kuti saka. Ndipo pogula mazira anati afuna awiri chete, wogulitsa nadabwa kuti walakwa ciani kuti auzidwe kukhala cete, osadziwa kuti ku Halale chete ndiye cabe. Cozizwitsa cinali cakuti r uja, amene Ashona sanamumve konse m'kamwa mwao, Acewa anamumva msanga.

Kuseka kwa ana sikukadakhala kanthu, koma panali nkhani ya munda. Malo a mbumba anali kulimidwa ndi ana a mlongo wao, ndipo mchona wobwera cimanjamanja ndi kamwana kosamva Cicewa sanali mlendo wokondweretsa. Makalata ocokera ku pulazi anali ataleka kufika zaka zambiri m'mbuyomo. Ena anayamba kunong'ona kuti a Phiri eni-eni anafera ku Halale, ndi kuti uyu ndi munthu wina amene anamva mbiri ya mudzi kwa malemuyo, nabwera kudzafuna malo. "Tamverani m'mene alankhulira," anali kutero. "Kodi Mcewa amalankhula conci?" Nkhaniyo inakula kufikira inafika pa bwalo la mwini mudzi.

Mwa onse amene anawadziwa ali mnyamata, anatsala ndi mmodzi yekha, ndiye mlongo wao wamkulu, a Naphiri, amene anali kukhala pa mudzi wina kwa mwana wao, ndipo maso ao anali atacita khungu. Anakawatenga pa ngolo, nawakhazika pa mphasa pakati pa bwalo. Mwini mudzi anafuna kuti makalata a ulendo awerengedwe, koma gogoyo anakana nati, "Pepala ine sindiliona. Alankhule, ndimve." A Phiri anafunsa kuti alankhule ciani. "Chulani malire a munda wa amai," anayankha a Naphiri.

Mkulu uja anakhala cete kanthawi, nayamba pang'ono-pang'ono. Anachula mkuyu wa m'mbali mwa dambo, nakwera ku culu ca nsungwi, napyola pa msuku pamene atsibweni ao anali kuchera misampha ya nguluwe, natsikira ku citsime cimene amai ao anali kubviikako cimanga. Mkuyuwo unali utadulidwa kale, citsime cinali citakwiririka, ndipo acinyamata a pa bwalopo sanadziwe kuti zinaliko. Koma amene anachera khutu anazindikila cinthu cina: asi ndi saka uja anali atatha. Zinthu zimenezi a Phiri sanazikambepo m'Cishona ndi tsiku limodzi lomwe. Zinagona mumtima mwao m'mau omwewo amene anazimvera ali mwana, ndipo zinaturuka momwemo. Asanatsirize, a Naphiri anali kulira. "Mlongo wanga uyu," anatero. "Mau ena adatola kucilendo, koma kakokedwe ka liu potsiriza mau nka amai athu. Inu ana simunawamve amai polankhula. Ine ndawamva lero." Mwini mudzi anaweruza mwacidule nati, "Cibale ndi pfupa, siciola." Anawadulira cigawo ca munda, ndipo kuyambira tsiku limenelo ana a mlongo wao anayamba kuwaitana kuti atsibweni.

M'kupita kwa miyezi nkhalamba za m'midzi yozungulira zinayamba kukonda kuceza nao, cifukwa zinaona kuti pansi pa mau a Cishona aja panali Cicewa cakale koposa ca pa mudzi pomwepo. Amene anatsala kumudzi anali kudziyesa osunga cinenero, koma naonso anali atasintha osadziwa. Anyamata obwerera ku Lusaka, wailesi ndi sukulu zinali zitabweretsa manje ndi nifuna kufikira pa mtondo. A Phiri anali kunenabe kuti tsopano. Anali kuwerenga ndalama m'mashiling'i ndi matiki, ngakhale kwacha ndi ngwee zinalowa mu 1968, ndipo Chipata anali kumucha Fort Jameson. Cicewa cao cinaima pa caka cimene anacoka, pamene ca otsala cinapitirira ulendo.

Zimene zinaoneka kwa munthu mmodzi ameneyu zinaonekanso kwa mtundu wathunthu m'dziko lomwelo la kum'mawa. Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi mu 1835, tsiku limene kadamsana anaphimba dzuwa, akulankhula cinenero ca pa cibale ndi Cizulu. A Mpezeni atakhala pakati pa Ansenga ndi kukwatira akazi a kumeneko, ana anatola cinenero ca amai ao, ndipo m'mibadwo yowerengeka Cingoni ca tsiku ndi tsiku cinakhala ca newo ndi wewo monga Cinsenga. Koma cakale cija sicinafe conse. Cimamvekabe m'nyimbo za ngoma ndi m'mau otamanda mfumu pa Nc'wala ku Mtenguleni, mwambo umene unatsitsimutsidwa mu 1980. Monga kwa a Phiri, zakale zinabisala m'zinthu zimene sizikambidwa pa msika.

Ngakhale anthu ochuka sapulumuka lamulo limeneli. Dr Hastings Kamuzu Banda anacoka ku Kasungu ali mnyamata, nakhala ku South Africa, ku America, ku Britain ndi ku Ghana zaka zoposa 40. Ali ku Chicago anathandiza Mark Hanna Watkins kulemba buku la malamulo a Cicewa limene linaturuka mu 1937. Koma atatsika ndege pa Chileka pa 6 July 1958, anali kulankhula kwa makamu m'Cingerezi, wina akumasulira. Komabe m'zaka za ulamuliro wace anali kudzudzula kawiri-kawiri olankhula Cicewa cimene iye anaciyesa cokhota, pakuti m'khutu mwace munatsala Cicewa ca ku Kasungu ca pa ubwana wace.

Nanga kamdzukulu kaja? Miyezi yoyamba sikanali kucoka pa mwendo wa agogo ace, ndipo ana anzace anali kukacha Kashona. Koma kanayamba kupita ku citsime ndi ku masanje, ndipo pofika nyengo yokolola yaciwiri panalibe mlendo akadakhoza kukasiyanitsa ndi ana obadwira pa mudzipo. A Phiri anakondwa poona kuti mwanayo wapeza kwao, koma m'cikondwereroco munali cisoni. Cishona cinali cinenero cimene anafunsira naco mbeta, cimene analerera naco ana, ndi cimene analirira naco mkazi wao. Tsopano panalibenso wolankhula naye. Usiku anali kumkambira mdzukuluyo m'Cishona, iye nkumayankha m'Cicewa, monga momwe ana ao kale anali kuyankhira Cicewa cao m'Cishona. M'mawa muli monse, kufikira caka cimene anamwalira, anali kumlonjera kuti, "Malala sei, muzukulu?" Ndipo mtsikanayo, amene Cishona cambiri anali ataciiwala, anali kuseka nati, "Iai agogo, amati marara."

Anyamata ndi asungwana amene atsiriza sukulu ambiri adzacoka pa mudzi, ena kumka ku Lusaka kapena ku migodi, ena kutsidya kwa nyanja. Ayenera kuphunzira cinenero ca kumene apitako ndi mtima wonse, pakuti ndiwo ulemu kwa eni dziko ndiponso khomo la nchito. Koma asadzibvute kapena kucita manyazi ngati lilime likana kusiya nyimbo ya kwao, cifukwa nyimboyo anaiphunzira kumsana kwa amai ao. Akadzabala ana kucilendo, aziwalankhula m'cinenero ca makolo ngakhale anawo ayankhe m'cina. Ndipo amene atsala pa mudzi, mchona akadzabwera napempha mvula yakumwa, ayambe ampatsa madzi ndi mpando, namfunse za ulendo wace. Za kalankhulidwe kace adzaziweruza atamva zonse.